Minga ndi Njinga Yanu: Mankhwala Otseka Zibowo ndi Matayala Opanda Chubu

Aliyense amene ananyamukapo mbandakuca ndi thumba la cimanga kupita ku cigayo adziwa cimene cimacitika tayala likayamba kuphwa. Njinga imalemera, wilo la kumbuyo limayamba kuvina, kenaka rimu imagunda pa mwala. Ulendo wa ola limodzi umasanduka wa tsiku lathunthu, munthu akukankha njinga ndi katundu wake padzuwa. Akafika kwa wokonza njinga amalipira cigamba ndi ndalama yomwe anafuna kugayitsira cimanga. Ngati unali ulendo wa ku kiliniki ndi mwana wodwala, cotayika si ndalama yokha.

Cilala cimaonjezera vuto limeneli. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca m'mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citapserera m'minda. Banja limene linagulitsa ng'ombe kuti ligule cakudya linatsala ndi ngolo yopanda cokoka, ndipo nchito ya ngolo inagwera njinga: mbeu ndi feteleza kucokera ku depoti, ndiwo za kudimba kupita ku msika, madzi kucokera ku mjigo wakutali zitsime zapafupi zitauma. Maulendo otere sadzera mu mseu waukulu. Amadzera m'tinjira ta m'chire, pansi pa mithethe ndi misangu, ndi m'mbali mwa madimba amene eni ake anachinga ndi nthambi za minga kuopa mbuzi. Ndiponso pa nthaka yoyera, yopondedwa-pondedwa ndi ziweto, pamakonda kumera kaudzu kena koyanga pansi, ka maluwa acikasu, kamene akatswiri a zomera amakacha Tribulus terrestris. Zipatso zake zikauma zimagawika tizidutswa ta minga yolimba, ndipo kacidutswa kakagwa pansi, kawiri-kawiri munga umodzi umayang'ana kumwamba kudikira phazi kapena tayala.

Pepala lino lifotokoza njira ziwiri zimene ochova njinga amagwiritsa nchito polimbana ndi minga. Yoyamba ndi kuthira mankhwala otseka zibowo m'kati mwa chubu. Yaciwiri ndi kucotseratu chubu, tayala n'kumasunga mpweya lokha. Njira zonse ziwiri zimagwira nchito. Koma tinene poyera kuyambira pano kuti pa njinga yonyamula katundu kumudzi, yoyambayo ndiyo yokuyenerani. Yaciwiri ili ndi eni ake, ndipo tidzanena kuti ndi ayani.

YAMBANI MWAONA CIBOWO

Musanagule kanthu, muyenera kudziwa cimene cimaboola machubu anu. Tsiku lina chubu cikabooka, musafulumire kumata. Cipopeni, cimizeni m'beseni la madzi, ndipo mukapeza pamene pakutuluka thovu, onani bwino maonekedwe a cibowoco ndi mbali imene ciri.

Kacibowo kamodzi, kakang'ono ngati kobaya ndi singano, ka mbali ya kunja imene imaponda pansi, ndi ka munga, kawaya kapena kagalasi. Zibowo ziwiri zong'ambika, zoyandikana ngati pamene paluma njoka, si za munga ai. Zimabwera pamene tayala liri ndi mpweya wocepa, katundu ndi wolemera, ndipo wilo lagunda mwala kapena muzu. Chubu cimapanikizika pakati pa rimu ndi mwalawo, rimu n'kucidula malo awiri. Cibowo ca mbali ya m'kati, yoyang'ana ku rimu, citanthauza kuti mutu wa sipoko watulukira, kapena lamba wophimba mitu ya masipoko waduka, kapena rimu yacita dzimbiri. Chubu cong'ambika patsinde pa vavu cisonyeza kuti munayenda masiku ambiri ndi mpweya wocepa: tayala linali kutsetsereka pa rimu pang'ono-pang'ono mukagwira buleki, likukoka chubu, vavu n'kupendekeka kufikira itang'ambika. Ndipo ngati chubu cinaphulika ngati mfuti, yang'anani tayala lenilenilo. Mudzapeza kuti lang'ambika m'mbali kapena waya wake wa m'mphepete watuluka.

Pa mitundu isanu imeneyi, mankhwala athandiza pa woyamba wokha. Munthu amene machubu ake amadulidwa ndi rimu sabata iliyonse akagula mankhwala, wataya ndalama. Iye afunika pampu.

MMENE MANKHWALAWA AMATSEKERA CIBOWO

M'masitolo amawacha sealant. Ndi madzi olemerera ngati phala la mwana, ndipo m'kati mwake muli tiulusi ndi tizidutswa tating'ono kwambiri. Wilo likamazungulira, mankhwalawo amaponyedwa ku mbali ya kunja ya chubu, monga mmene madzi amakanirira pansi pa ndowa mwana akamaizunguza mofulumira ndi dzanja. Motero amayala mbali yomweyo imene minga imalowera. Munga ukaboola, mpweya wa m'kati umathamangira pa cibowo pofuna kutuluka, ndipo umakankha mankhwala patsogolo pake. Madzi ocepa amatuluka, koma tiulusi timakodwa pakamwa pa cibowo, tina n'kukodwa pa tinzake, kufikira patatsekeka. Ndi mmene zinyalala zimatsekera ngalande mvula yoyamba ikagwa. Zimenezi zimacitika m'kanthawi kocepa, ndipo nthawi zambiri wochova sadziwa n'komwe kuti waponda munga. Amadzaona tsiku losintha tayala, apeza timadontho touma tambiri-mbiri pa chubu, kalikonse kakuimira ulendo umene ukanaima panjira.

Apa mukhoza kuona cifukwa cake mankhwala sathandiza pa zibowo zinazo. Cibowo ca sipoko ndi ca patsinde pa vavu ziri ku mbali ya m'kati, kumene mankhwala amathawako wilo likamazungulira. Codulidwa ndi rimu ciri m'mbali, ndipo ndi cong'ambika, cimayasama tayala likaponda pansi.

Mankhwalawa ali mitundu iwiri ikulu-ikulu, ndipo ndi bwino kuisiyanitsa.

Mtundu woyamba umadalira ulusi. Wodziwika kwambiri ndi wobiriwira wochedwa Slime, umene unayamba kupangidwa ku California, m'dziko la America, mu 1989. Mtundu umenewu suuma msanga m'kati mwa chubu, ndipo ukatayikira umacoka ndi madzi. Opanga ake amati umatseka zibowo za m'chubu zofika mamilimita 3 ndipo umagwira nchito zaka ziwiri. Mamilimita 3 ndi kuposa pang'ono kunenepa kwa kamtengo ka macisa, ndipo cibowo ca munga ndi cocepa kuposa pamenepo.

Mtundu waciwiri umapangidwa ndi utomoni wa mphira, ndipo wambiri umaoneka ngati mkaka. Utomoni umenewu ukakankhidwira pa cibowo n'kukumana ndi mpweya wa kunja, umagwirana n'kusanduka mphira weni-weni. Umatseka msanga, ndipo pa tayala lopanda chubu umatseka zibowo zokulirapo, zofika mamilimita 6. Vuto lake ndi lakuti umaumira m'kati ngakhale simunaponde munga. Opanga ena amati umakhala miyezi iwiri kufikira isanu ndi iwiri, kulingana ndi nyengo, ndipo kutentha ndiko kumauumitsa msanga. M'cigwa ca Luangwa, kumene mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40, musayembekezere miyezi isanu ndi iwiri. Ukauma umatsala ngati cikopa kapena mpira wa mphira wogubuduka m'tayala, ndipo sutsekanso kanthu.

Cotero wothira m'chubu asankhe mtundu woyamba. Werengani botolo, kapena pemphani wina akuwerengereni: liyenera kunena kuti ndi la matayala okhala ndi chubu. A matayala a galimoto ndi thalakitala ali ndi zidutswa zokulirapo zimene zimatseka vavu ya njinga. Musasakanize mitundu iwiri m'chubu cimodzi.

Mudzamva ena akunena kuti phala la ufa, mkaka kapena madzi a shuga zimacita cimodzi-modzi. Zimenezo zimasasa ndi kuwolera m'kati, zimamata vavu, ndipo wokonza njinga amene adzatsegule tayalalo sadzakuthokozani. Coipitsitsa ndi oilo wa galimoto kapena dizilo, pakuti zimenezi zimafewetsa ndi kudya mphira.

KATHIRIDWE KAKE

Mankhwala amalowera pa vavu, cotero yambani mwadziwa vavu yanu. Njinga zambiri zakuda za mawilo a mainchesi 28 ndi mabuleki a tizitsulo, monga za Eagle zimene kale zinali kupangidwa ku Chipata, zimakhala ndi vavu ya Dunlop. Imeneyi ndi yosavuta: mumamasula kanati ndi zala, kamtima konse n'kutuluka pamodzi ndi kamphira kake. Vavu yonenepa, yofanana ndi ya galimoto, ili ndi kamtima kobisika m'kati kamene kamafuna kacitsulo kocotsera. Kawiri-kawiri cotsekera ca botolo la mankhwala cimakhala ndi kocotserako, ndipo omata matayala a galimoto onse ali nako. Vavu yoonda, yaitali, ya Presta, imapezeka pa njinga zothamangira. Zina kamtima kake kamamasuka, zina sikamasuka, ndipo ngati sikamasuka mankhwala a ulusi sangalowe.

Chubu cikhale cabwino. Chubu cokalamba, ca zigamba khumi, cimene cimaphwa cokha usiku, musacitayire mankhwala. Tayala nalonso licotseni coyamba, mupititse kansalu m'kati mwake monse pang'ono-pang'ono. Pamene kansalu kakodwa pali munga wakale umene unathyokera momwemo. Ucotseni ndi singano kapena kawaya. Ambiri amamata chubu n'kucibwezera pa munga womwe unaciboola, kenaka amati cigamba cinali cabodza.

Muyeso umalembedwa pa botolo. Pa wilo limodzi la njinga ya munthu wamkulu umakhala pafupi ndi mamililita 120, ndiye kuti masupuni akulu 8, kapena jekeseni ya ziweto ya mamililita 60 yodzaza kawiri. Mukacepetsa, mankhwala sakwanira kuyala chubu conse. Mukaculukitsa, wilo limalemera ndipo mwataya mankhwala amene akanakwanira wilo lina.

Mukabwezera chubu ndi tayala pa rimu, tembenuzani wilo kuti vavu ikhale pambali, molingana ndi habu. Cotsani kamtima, mpweya wonse utuluke. Khuchumulani botolo kwambiri, pakuti tiulusi timadikha pansi, ndipo mukapanda kukhuchumula mudzathira madzi okha. Lowetsani kapaipi ka botolo pa vavu, finyani pang'ono-pang'ono kufikira muyeso utakwana. Akakana kulowa, pisani ndi kaudzu kouma kapena sipoko yakale. Mukatha, pukutani m'kamwa mwa vavu, popani kamodzi kapena kawiri kamtima kasanabwerere kuti zotsalira zigwere m'kati, kenaka bwezerani kamtima ndi kupopa tayala mokwanira. Zunguzani wilo ndi dzanja, ndipo cabwino koposa ndi kukwera njingayo nthawi yomweyo n'kuyenda ngati kilomita imodzi.

Kuyambira tsiku limenelo, pali cizolowezi cimodzi cimene muyenera kuphunzira. Musanapope kapena kucotsa mpweya, tembenuzani wilo kuti vavu ikhale m'munsi koma pambali pang'ono, ndipo dikirani kamphindi. Vavu ikakhala pamwamba pa wilo, khosi lake limayang'ana pansi ndipo mankhwala amatsikiramo. Ikakhala pansi peni-peni, imakhala pa dziwe la mankhwala amene adikha. Vavu ya Dunlop ndiyo imatsekeka msanga, cifukwa kabowo kake ndi kakang'ono ndipo kamphira kamamatirira. Ikakana mpweya musataye chubu: masulani kamtima, katsukeni ndi madzi, kabwezereni. Ndi bwino kusunga kamtima kena kapadera m'kathumba ka zida.

Cenjezo kwa makolo: mankhwalawa si akumwa, ndipo ena ali ndi zinthu zotsekemera koma zakupha. Musawasunge m'botolo la zakumwa, musawasiye pofikira ana, ndipo supuni yoyesera isabwerere kukhichini. Otayikira pansi kwirirani ndi dothi kuti agalu ndi nkhuku zisanyambite. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri.

MUKAPONDA MUNGA PA ULENDO

Mukamva tayala likuti fyii, musaime msanga. Pitirizani kuchova pang'ono-pang'ono, pakuti kuzungulira ndiko kumabweretsa mankhwala pa cibowo. Ngati mpweya ukutulukabe, tsikani, pezani pamene pakutuluka cinyezi, tembenuzani wilo kuti malowo akhale pansi, ndipo dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenaka popani. Mankhwala amatseka cibowo koma sabweza mpweya umene watuluka kale, cotero pampu isatsale kunyumba.

Mukaona munga uli ciimire pa tayala koma mpweya sukutuluka, ndipo mulibe pampu, usiyeni kufikira mutafika. Mukafika uzuleni, muzunguze wilo nthawi yomweyo. Musausiye masiku ambiri, cifukwa tayala likamaponda pansi munga umatekeseka n'kumakulitsa cibowo.

Cibowo cacikulu cimene mankhwala alephera cimafunabe cigamba, ndipo apa pali vuto lina. Sulushoni sagwira pa mphira wonyowa ndi mankhwala. Muuzeni wokonza njinga asanayambe kuti m'chubu muli mankhwala. Apacike chubu cibowo ciri pamwamba, afinye mankhwala kuti atsikire kutali, atsuke malowo ndi madzi, aumitse bwino, akwece mokwanira, ndiye amate. Akamata mothamanga, cigamba cidzamatuka musanafike kunyumba, ndipo mudzakangana pacabe.

MATAYALA OPANDA CHUBU

Tayala lopopa limene tidziwa lero linayamba pa njinga. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, anamangirira paipi ya mphira yopopa ku mawilo a kanjinga ka mwana wake. Magalimoto ndiwo anayamba kutaya chubu. Kampani ya B.F. Goodrich ya ku America inalengeza tayala lopanda chubu mu 1947, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1950 magalimoto atsopano a kumeneko anali kutuluka nalo. Njinga zinacedwa zaka zambiri, cifukwa rimu ya njinga ili ndi mabowo a masipoko 32, 36 kapena 40, ndipo bowo lirilonse ndi khomo la mpweya. Mu 1999 makampani atatu a ku France, Mavic, Michelin ndi Hutchinson, anatulutsa rimu ndi tayala zopangidwira pamodzi, zochedwa UST, za njinga zothamangira m'mapiri. Mu 2001 munthu wina wa ku America, Stan Koziatek, anayamba kugulitsa mankhwala a utomoni pamodzi ndi lamba wotsekera mabowo a rimu, ndipo njira imeneyi inafala. Lero ochita mipikisano ya njinga m'mapiri pafupifupi onse sagwiritsa nchito chubu. Ogulitsa amawacha matayala a tubeless.

Kuti tayala lisunge mpweya lopanda chubu, zinthu zisanu ziyenera kugwirizana. Rimu ikhale yopangidwira nchito imeneyi, yokhala ndi kaphewa m'kati pamene mphepete ya tayala imakhazikika molimba. Mabowo a masipoko aphimbidwe ndi tepi yapadera yosatulutsa mpweya, yolingana ndi kukula kwa rimu. Vavu ikhale yakeyake, ya tsinde la mphira ndi kanati komangira ku rimu. Tayala likhale lolembedwa m'mbali mau akuti Tubeless Ready, kapena zilembo TLR, TR kapena UST. Mphepete ya tayala lotere siifutukuka. Cacisanu ndi mankhwala a utomoni, mamililita 60 kufikira 120 kulingana ndi kukula kwa tayala.

Kukhazika tayala lotere kumafuna mpweya wambiri wolowa nthawi imodzi, kuti mphepete zonse ziwiri zikankhidwire pa kaphewa. Pampu ya m'manja siikwanitsa. Ambiri amapaka madzi a sopo m'mphepete n'kupita kwa omata matayala amene ali ndi makina opopera. Likakhazikika limalira kuti tha! tha! Musapitirire muyeso wa mpweya wolembedwa pa tayala ndi pa rimu, ndipo musaike nkhope pafupi.

Ubwino wake ndi woona. Popeza mulibe chubu, palibe cakuti rimu idule, cotero munthu akhoza kucepetsako mpweya, tayala n'kumagwira bwino pa mcenga ndi pa miyala. Mankhwala amakhudza tayala lenilenilo, ndipo amatseka msanga kuposa m'chubu, mmene chubu ndi tayala zimakhulana pa cibowo. Cibowo cacikulu cimatsekedwa ndi kacingwe komata kamene amakalowetsa ndi cisongole kucokera kunja, wilo osalimasula, monga mmene mumaonera omata matayala akucitira pa galimoto ndi pa njinga zamoto.

CIFUKWA CAKE SITIKULIMBIKITSA NJIRA IMENEYI KUMUDZI

Tsopano yang'anani wilo la njinga yakuda ija. Rimu yake ndi yacitsulo, ya m'mbali mobulungira, yopanda kaphewa kogwira tayala. Cimene cimagwira tayala pamalo pake ndi waya wa m'mphepete ndi chubu cimene cimalikankha kucokera m'kati. Marimu ambiri otere anagundapo miyala, anaongoledwapo ndi nyundo, ndipo polumikizira pake pali dzimbiri. Tayala wamba nalonso liri ndi mbali zopyapyala zimene zimatulutsa mpweya ngati thukuta pakakhala palibe chubu. Mukhoza kuvutika tsiku lonse, mwina n'kuligwiritsa mpweya. Koma tsiku lina mudzakhota pa citunda muli ndi matumba awiri a malasha kumbuyo, mphepete ya tayala idzatseguka pang'ono, ndipo mpweya wonse udzatuluka nthawi imodzi. Tayala likavuka pa rimu njinga ikutsetsereka, munthu amagwa. Ngati kumbuyo kunali mai wodwala kapena mwana, ngoziyo ndi yaikulu. Kuonjezera apo, mankhwala a utomoni ali ndi madzi, ndipo popanda chubu amakhala pa citsulo usana ndi usiku, dzimbiri n'kumakula.

Pali njira ina imene acinyamata amaonerera pa foni. Amatenga chubu ca kanjinga ka mainchesi 20, amacikoka pa rimu ya mainchesi 26, amacing'amba pakati m'litali mwake kuti cikhale lamba, amaika tayala wamba pamwamba n'kuthira mankhwala. Pa njinga yosewerera ena zimawayendera. Pa njinga yonyamula anthu kapena katundu musayese, pakuti cogwira tayala palibe.

Ngakhale zida zonse zitakhala zoyenera, ganizirani zimene zimabwera pambuyo. Miyezi iwiri kapena itatu iriyonse muyenera kuonjezera mankhwala, ndipo amenewo sapezeka pa msika wa kumudzi. Tayala likavuka m'chire simungalikhazike ndi pampu ya m'manja, cotero muyenera kunyamulabe chubu capadera, cimene mudzacilowetsa m'tayala lodzaza minga yakale imene mankhwala anabisa. Tayala lolembedwa TLR ndi lodula kuposa tayala wamba. Njinga za Buffalo, zimene keriyala yake inapangidwira kunyamula makilogramu 100, zimabwera ndi machubu, ndipo ife tiona kuti m'poyenera: chubu, cigamba ndi sulushoni zimapezeka pansi pa mtengo uliwonse pamene pakhala wokonza njinga.

Nanga eni ake a njira imeneyi ndi ayani? Ndi munthu amene ali ndi njinga ya m'mapiri, mwina yakale yocokera kunja, imene rimu ndi matayala ake zinalembedwa kale kuti ndi za tubeless; amene amayenda maulendo atali m'minga koma wopanda katundu wolemera; ndiponso amene amafika ku boma mwezi ndi mwezi kumene angapeze mankhwala ndi makina opopera. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo woyendera midzi akhoza kukhala wotero. Iyeyu adzapindula, ndipo asaope kuyesa.

ZOSAFUNA NDALAMA

Mankhwala amagwira bwino pa wilo losamalidwa. Coyamba ndi mpweya. Muyeso wake umalembedwa m'mbali mwa tayala. Ngati mulibe copimira, sindikizani tayala ndi cala cacikulu mwamphamvu: likalowa, mpweya ndi wocepa. Kwerani njinga katundu ali pomwepo, wina ayang'ane tayala la kumbuyo. Lisaphwatalale ngati cule. Chubu ciriconse cimataya mpweya pang'ono-pang'ono ngakhale cilibe cibowo, cotero pimani m'mawa uliwonse musanamange katundu, osati mutamanga.

Lamba wa pa rimu akaduka, dulani lamba wina ku chubu cakale, mumubowole pa vavu. Mutu wa sipoko wotulukira upaleni ndi tupa. Dzimbiri la m'kati mwa rimu likwecheni ndi kupakapo penti.

Tayala lakale limene lasalala musalitaye. Dulani mawaya ake a m'mphepete mbali zonse ziwiri, mutsale ndi lamba wapakati, ndipo lambayo muikeni m'kati mwa tayala latsopano, pakati pa tayala ndi chubu. Munga uyenera tsopano kuboola mphira wa matayala awiri usanafike pa chubu, ndipo minga yambiri ya kaudzu koyanga kaja ndi yaifupi. Koma setani bwino m'mphepete ndi polumikizira, cifukwa lamba wakuthwa amadya chubu pang'ono-pang'ono, n'kuyambitsa cibowo cimene mumathawa. Njinga imalemerako pochova. Ena amagwiritsa nchito chubu cakale cong'amba pakati. Ndi copepuka koma citetezo cake ndi cocepa.

Mukatuluka m'kanjira ka minga, tsikani, zunguzani wilo lirilonse mukupukuta ndi kamtengo kapena nsanza. Munga wambiri subaya chubu nthawi yomweyo. Umayamba wakakamira pa tayala, ndipo ulendo uliwonse wilo likazungulira umalowa pang'ono.

KODI MUGULE?

Mitengo imasiyana malo ndi malo, cotero werengani nokha. Kumbukirani kuti munamatitsa kangati miyezi itatu yapitayi, ndipo zibowo zingati zinali za minga. Onkhetsani ndalama ya zigamba, ya machubu atsopano, ndi ya tomato kapena repu amene anafota panjira msika usanafikidwe. Yerekezani ndi mtengo wa botolo. Wokhala m'mbali mwa mseu wa tala, amene amamatitsa kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, safunika mankhwala. Wotunga madzi tsiku ndi tsiku kudzera m'mithethe adzabweza ndalama yake msanga.

Botolo lalikulu limachipa poyerekeza ndi timabotolo. La lita imodzi limakwanira mawilo 8, ndiye kuti njinga zinai. Anthu anai a m'kalabu ya alimi kapena m'gulu losunga ndalama akhoza kusonkha, mmodzi akagule popita ku boma, ndipo athire tsiku limodzi pogwiritsa nchito jekeseni imodzi yoyesera. Mlembi alembe tsikulo m'buku, kuti zaka ziwiri zikakwana mudziwe kuti mankhwala atha mphamvu. Botolo lotsalira litsekedwe bwino ndi kusungidwa pamthunzi.

Ngati ndalama ikwanira wilo limodzi lokha, yambani ndi la kumbuyo. Ndilo limasenza gawo lalikulu la kulemera kwa munthu ndi katundu, cotero munga umalowa mozama. Ndilonso limalandira misomali ndi tiwaya timene wilo la kutsogolo ladzutsa pansi. Ndipo likaphwa panjira, muyenera kumasula katundu yense, nthawi zina cheni ndi tizitsulo ta buleki, musanafike pa chubu.